Thunthu la nthochi limene tinaika ku Zambia

Linali Lachinayi, dzuwa litangopendeka pang'ono, m'chilimwe choyamba titabwerera kuchokera ku Zambia. Ndinali kumweta udzu wofolerera nyumba kuseri kwa loja, sitolo yakale ya mzungu, panjira yopita ku Chiputo, mwana ali kumsana. Lojayo inalibe denga. Malata anachoka nthawi ya nkhondo, pakati pake panamera mkuyu, makoma ali bii ndi utsi. Anthu sankalowamo poopa mabomba okwirira. M'menemo ndi momwe ndinamva kalimba ikulira.

Chikwakwa chinandigwa m'manja. Nyimboyo inali ya Sabata Loyera, imene tinkaimba kale m'gereja mwathu, ndipo pali pena pamene woimbayo ankaima kaye ngati waiwala, kenaka n'kutsika mwadzidzidzi. Woima pamenepo ndinkamudziwa mmodzi yekha, amuna anga oyamba. Koma iwowo tinali titawaika m'manda.

Nkhondo isanafike, iwo ndiwo ankatsogolera oimba a m'gereja. Anandipeza ndili mtsikana ndikuimba pamtondo, n'kunena kuti, "Iwe, mawu amenewo ukungowataya." Ine sikola ndinalekeza msanga, zimene ndikudziwa za nyimbo anandiphunzitsa ndi iwo: kuima chilili, kusunga mpweya, kudikira dzanja lawo. Akandiyang'ana cham'mbali ndinkadziwa kuti ndalakwa. Padiri atadalitsa ukwati wathu, anandiletsa kuimba pamtondo ndi kuchinamwali. Ankati mawu anga ndi a Mulungu, koma wowasunga anali iwo. Ndinkawaopa ndiponso ndinkawanyadira, ndipo pa msinkhu umenewo ndinkayesa kuti chikondi ndi chomwecho.

Anthu a mfuti atafika m'mudzi, anatenga amuna oti akawasenzere katundu, ndipo iwo anali m'gulumo. Otsalafe tinathawira ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo. Patapita nthawi kunabwera munthu amene ananena kuti anawaona atagona pamchenga m'mbali mwa mtsinje, nkhope ili magazi okhaokha, osagwedezeka. Alongo awo, alamu anga, anati munthu sangangosowa ngati nkhuku, pafunika maliro. Kwathu mtembo ukapanda kupezeka timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'chovala cha mwini wake, n'kuliika m'manda ngati munthu. Ndinapereka malaya awo oyera oimbira. Tinalira, anandimeta, ndipo nthawi itakwana anandimasula.

Mmodzi mwa adzukulu okumba mandawo anali munthu wa ku Chipera, amene mkazi wake anafera panjira pothawa. Ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi mjigo. Kuimba sankadziwa ngakhale pang'ono, m'gereja ankangotsegula pakamwa ngati nsomba. Anayamba ndi kundisiyira nkhuni pakhomo osanena kanthu. Amenewa ndiwo anadzakhala amuna anga achiwiri, bambo a mwana. Katekista wa kumsasako anatipempherera. Kwa iwo ndinaphunzira kuti mwamuna akhoza kulowa m'nyumba mkazi osasiya kuseka.

Tsiku la Lachinayi lija ndinazungulira khoma n'kuima pakhomo pa loja. Anali atakhala pa tebulo la simenti pamene kale ankagulitsirapo mchere ndi nsalu. Anali ataonda kwambiri. Kuyambira pansi pa maso mpaka pachibwano anamanga chidutswa cha kapulana, nsalu ya chitenje, ndipo mbali imodzi khutu kunalibe. Sanasiye kuimba. Atamaliza ndipo anandiyang'ana.

"Wanenepa," anatero. Mawu awo ankatuluka ngati a munthu wolankhula ali ndi madzi m'kamwa, koma ndinamva. "Wa kumsanayo ndi wa yani?"

"Ndi wanga."

"Ndafunsa bambo wake."

Ndinawauza zonse ndili chiimire, za munthu anawaona pamchenga, za thunthu, za malaya. Anamvetsera mutu uli pansi. Kenaka anaseka, nsalu ija n'kumagwedezeka.

"Malaya anga oyera? Munaveka nthochi malaya anga?"

Nkhani inafika m'mudzi dzuwa lisanalowe. Alamu anga anabwera akuthamanga, koma atafika pafupi anaima patali, n'kugwada, n'kumalira osawakhudza. Munthu amene anamuikira maliro salowa m'mudzi, sadya ndi anzake, sapatsidwa chinthu pamanja, kufikira manda aja atafukulidwa ndi zimene anaikamo zitachotsedwa. Akapanda kutero amati imfa imene anainamiza ija imadzatenga wina. Katekista wa m'mudzi anati gereja sidziwa za nthochi, koma iyenso moni anawapatsa manja ali kumbuyo. Ananenanso china: ukwati wa padiri suthetsedwa ndi nkhondo. Ngati munthuyu ali moyo, ine ndine mkazi wake.

Akulu anakambirana n'kugwirizana kuti thunthu likadali m'manda, iwo ndi wakufa, ine ndine mkazi wa bambo a mwana. Likadzafukulidwa, ndibwerere kwa oyamba. Msasa wa ku Zambia unali utapasuka, mitanda ya mitengo itadyedwa ndi chiswe. Wodziwa pamene panali mandawo anali mmodzi, yemwe anakumba uja, ndipo njinga m'mudzi monse inali yake yomweyo.

Bambo a mwana anamva zonsezi atakhala kumbuyo, akupala mpini wa khasu. Pobwerera kunyumba anangoti, "Amake mwana, munthuyo wadya?"

Ndinayamba kuwapititsira chakudya masana aliwonse. Mbale ndinkaika pa simenti, iwo n'kudikira kuti ndipotoloke asanamasule nsalu. Ndikafuna kuchoka ankati, "Ima." Ankatenga kalimba n'kuyamba, ndipo ine ndinkapezeka ndaima chilili, mapewa kumbuyo, ndikudikira chizindikiro. Chichokere ku nkhondo ndinali ndisanaimbepo bwino. M'makoma opanda denga amenewo mawu anga ankabwerera kwa ine aakulu, ngati a munthu wina. Iwo sakanathanso kuimba, milomo anawadula, choncho ankang'ung'udza pammero, ine n'kumaika mawu pamwamba pake.

"Wapuma pakati. Bwereza."

Ndinkabwereza.

"Wa njinga uja wakuwononga. Umaimba ngati ukuitana mbuzi."

Ndinkabwerezanso. Sindikudziwa chimene chinkandigwira. Nthawi zina ndinkatuluka m'menemo dzuwa litapita kale, udzu osamweta. Akazi anzanga kuchitsime anayamba kundisiyira malo ambiri kuposa ofunika. Wina anati, "Amwali, inu ndiye odala, amuna awiri, wa pansi ndi wa pamwamba." Anzake anaseka chobisa.

Tsiku lina bambo a mwana ananditsatira atanyamula mtolo wa nkhuni. Anautula pakhomo pa loja n'kuvula chipewa.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Ndiye inu munandiika?" anafunsa oyamba aja.

"Ndine."

"Munakumba bwino?"

"Dothi linali louma. Tinatuluka thukuta."

"Zikomo. Ndaona kuti malipiro munadzitengera nokha."

Bambo a mwana anayang'ana pansi, n'kumwetulira pang'ono. "Mukanatumiza uthenga, achimwene, tikanasiya pothawira."

"Ndikanatumiza ndi pakamwa pati?"

Kenaka oyamba aja anandilozera ndi chibwano. "Iwe, muimbire mlendoyu amve chimene anatola."

Ndinayang'ana bambo a mwana. Iwo anavala chipewa n'kunena kuti, "Ndimamumva akamatsuka mbale. Zimandikwanira." Anatuluka. Ine ndinatsala, ndipo ndinaimba.

Kunyumba sanandifunse kanthu. Anapitiriza kuumba zidina, kudula milimo, kufolera. Nyumba inatha mvula yoyamba isanagwe. Anandisemera chitseko cha thabwa lenileni, choyamba m'mudzi mwathu chibwerere, ndipo anthu ankabwera kudzachitsegula ndi kuchitseka.

Mvula itayamba, loja ija inasanduka dziwe. Alamu anga anapempha anyamata kuti akamange kachisakasa mkatimo, koma palibe anafuna kufolera nyumba ya munthu wakufa. Bambo a mwana anapita okha n'kuyedzamiritsa mitengo ndi udzu pakona, koma madzi ankatsika ndi khoma. Tsiku lina ndinafika ndi phala n'kuwapeza atagona pa simenti, thupi likutentha, nsalu ija itanyowa n'kumatirira. Sanathe kudzuka. Ndinaimasula ndekha.

Sindifotokoza zambiri. Mano onse anali panja ngati a munthu amene akuseka osaleka, ndipo malovu ankangotsika. Anayesa kubisa ndi mkono, koma mkonowo unalibe mphamvu. Ndinawapukuta ndi nsonga ya nsalu yanga. Lamulo loti asapatsidwe chinthu pamanja ndinalisunga motere: ndinkaika supuni pa simenti, iwo n'kulephera kuitola, ine n'kuitolanso ndi kuwamwetsa, ndikudziuza kuti ndapereka kukamwa, osati kumanja.

"Usapite," anatero.

"Mwana ali ndi njala."

"Ndapota nawe, chonde. Khala pang'ono. Usaimbe, ungokhala."

Munthu amene kale ankandiimitsa ndi diso anali atagwira mpendero wa nsalu yanga ndi zala ziwiri. Pamenepo mantha amene ndinawasunga kuyambira utsikana anandichoka, ndipo nditayang'ana chimene chinatsala ndinapeza chisoni chokha. Chinali chachikulu, chinkandiwawa m'chifuwa, koma sichinali chimene ndinkamva ndikaona bambo a mwana akutulukira panjira akukankha njinga. Ndinachotsa zala zawo n'kunena kuti ndibwera mawa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkafika pamene ndafunira, ndipo iwo ankathokoza.

Madzulo ake ndinapeza bambo a mwana atatembenuza njinga, akumata chubu.

"Mukupita kuti?"

"Ku Zambia."

"Musapite."

"Munthu akuvumbwa chifukwa cha dzenje limene ndinakumba ine."

"Munakumba chifukwa anakutumani. Mukafukula, mukudziwa chimene akulu ananena."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukundipereka?"

Anasiya chubu n'kundiyang'ana. "Amake mwana, akafera m'madzi muja, inu mudzatha kudya m'nyumba muno? Ine sindidzatha. Tidzakhala awiri, koma tizidzamva kalimba."

"Ine ndikufuna inu. Ndanena pamaso panu."

"Ndamva. Ndikupita nawo mawu amenewo."

Ndinawauza kuti adikire mvula ithe. Anati munthuyo safika kumeneko. Ndinabisa pampu m'nkhokwe, iwo anakabwereka yopopera mpira ya mphunzitsi wa kusikola. M'mawa anamangirira khasu ndi thumba pa njinga, anamunyamula mwana pang'ono, n'kumapita.

Anakhalako nthawi yaitali kuposa mmene tinkayembekezera. Mitsinje inali yodzaza, njira ya ku Chiputo nthawi ya mvula aliyense amaidziwa. Pobwerera anafika wapansi, njinga atasenza paphewa, gudumu litapindika, iwo akutsokomola. M'thumba munali dothi lakuda, ulusi wa nsalu yowola, ndi mabatani. Thunthu linali litatha kalekale. Alamu anga anaona mabataniwo n'kuvomera kuti ndi omwewo. Anakataya zonse kumtsinje, anawasambitsa alongo awo, amuna anga oyamba aja, n'kuwapatsa chikho cha madzi pamanja anthu akuona. Kenaka anawalowetsa m'mudzi atawagwirira mbali zonse. Ena analulutira, koma mosakweza.

Akulu sanasinthe mawu awo. Katekista anawerenga za chimene Mulungu wamanga. Ine ndinati, "Nanga wandimangira nyumbayu?" Anati nyumba ndi yanga, pakuti mudzi ndi wa kwathu, koma mwamuna wolowamo ndi woyamba. Bambo a mwana anatenga mphasa, mpeni ndi zida zawo za njinga, n'kusamukira kumsasa wa kumunda, kudambo. Anati adikira kuti akolole chimanga chimene anabzala, kenaka abwerera ku Chipera.

Choncho mbale ija inatembenuka njira. Oyamba aja anagona m'nyumba ya chitseko, pafupi ndi moto, n'kuyamba kuchira. Ine masana ndinkanyamula chakudya kupita kudambo. Chifuwa cha bambo a mwana sichinaleke. Ndinawauza kuti tipite kuchipatala, ku posito ya ku Fingoe, anati njinga ilibe gudumu, ndipo miyendo yawo inatsala ku Zambia. Ankakonda kuseka choncho.

"Achimwene ali bwanji?" ankafunsa.

"Akudya."

"Akukuimbitsani?"

"Ayi."

"Muziimba, amake mwana. Si mlandu wa nyimbo."

Oyamba aja atapeza mphamvu anayesa kubwerera mmene analili kale. Tsiku lina ndikumanga mbale pansalu anati, "Iwe, mwamuna wako ali muno. Kudambo ukukatani?"

Ndinawayankha ndili chimangire. "Munadya mbale imeneyi pamene anthu onse ankakuthawani. Amene ankanditumiza ndi yemweyo ali kudamboyo. Mukafuna kundiletsa, imani pakhomo."

Sanaime. Usiku ndinkayala mphasa yanga ndi mwana mbali ina ya moto, ndipo sanafunsepo.

Bambo a mwana anamwalira chimanga chikuyamba kuuma. Ndinawapeza m'mawa atatsamira mzati, atafunda thumba lomwe lija. Abale awo a ku Chipera anachedwa chifukwa cha njira, choncho tinawaika kwathu. Pamaliro akazi anandikhazika panja pamodzi ndi anthu wamba. M'nyumba ya siwa, pamutu pa malemu, pamakhala mkazi wake, ndipo akulu anati malemuyu analibe mkazi. Ndinakhala pamene anandiika. Oimba anaimba, ine sindinaimbe nawo.

Tsiku lometa litafika, anameta abale awo amene anafika mochedwa aja, anameta ndi mwana. Ine anandidumpha. Mayi wina wamkulu anandinong'oneza kuti, "Mwana wanga, ukameta ndiye kuti ukulira mwamuna, ndipo mwamuna wako ndi uyo wakhala apoyo. Ukufuna kumuikanso kachiwiri?"

Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga lezala ndi madzi m'chikho, n'kukhala kuseri kwa nkhokwe. Ndinayamba kutsogolo. Popanda kalilole ndinadzicheka malo angapo, magazi n'kumatsikira m'khutu. Ndinamva mapazi, ndipo nditatukula mutu anali amuna anga oyamba, ataima ndi ndodo yawo. Ndinagwira lezala zolimba, ndikuyembekeza kuti ayambe.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatsamiritsa ndodo kunkhokwe n'kutambasula dzanja.

"Kumbuyoku mwasiya tsitsi. Bweretsani."

Ndinawapatsa. Anagwada movutika n'kundimeta bwinobwino, pang'onopang'ono, akupukuta lezala pabondo. Mpweya wawo unkalira m'nsalu ija pafupi ndi khutu langa. Atamaliza anakusa tsitsi lonse m'manja.

"Limatayidwa kuti la namfedwa?"

"Pamodzi ndi la abale."

Anapita nalo okha kumene anthu anali atasonkhana, n'kuliika pamulu wa tsitsi la abale, akulu onse akuona. Katekista anatsegula pakamwa, koma iwo anayamba ndiwo. Anthu ambiri sankamva zolankhula zawo, choncho ananena kawiri. "Mkazi wa malemu ndi uyo. Ine mkazi wanga anandilira kale, zinatha."

Sanabwererenso m'nyumba ya chitseko. Anakakhala kwa alongo awo, ndipo alongowo atamwalira ndinawamangitsira kanyumba kuseri kwa kwanga, chifukwa panalibe wina wowaphikira. Anakhala zaka zambiri ndithu. Ankaphunzitsa ana a m'gereja nyimbo pogogoda ndodo pansi, ndipo anawo ankawaopa monga ndinkachitira ine. Ine sanandipemphenso kuti ndiimbe. Tinkakhala pakhonde madzulo, iwo uko ine kuno, kukamba za mbuzi ndi za mvula. Nthawi zina ankati, "Wa njinga uja anali chitsiru," ine n'kuti, "Eya," iwo n'kuti, "Chitsiru chabwino." Atadwala komaliza ndinawasamalira mpaka mapeto, ndipo ndinawamanga nsalu yatsopano kumaso asanabwere osambitsa. Anthu anafuna kundimeta. Ndinati mutu wanga unawalira kale.

Mwana uja anakula, ali ku Fingoe ndi banja lake, amabwera nthawi yokolola. Ine ndimalima chimanga ndi mtedza kudambo, ndimaweta mbuzi zochepa. M'gereja ndimakhala kumbuyo pamodzi ndi okalamba anzanga. Chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira akufa, akatilola kulowa kumanda, ndimatenga khasu n'kukalambula manda onse awiri, ndipo ndimayamba ndi a bambo a mwana.